Amene Ankazimitsa Nyimbo ya Fuko

Pabwalo la mpira la mumzindamo panali kachipinda pamwamba penipeni, kuseri kwa mipando ya akuluakulu. Kuti munthu afikeko ankakwera masitepe makumi anayi ndi awiri. M'menemo munali tebulo, mpando wopanda chotsamira, ampulifaya yakale kuposa osewera onse, wailesi ya kaseti, ndi zenera lalikulu loyang'ana bwalo lonse. Munalinso a Halohalo, amene anakhalamo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzinali linachokera ku ntchito yawo, chifukwa m'mawa wa tsiku lililonse la masewera ankagogoda maikolofoni ndi chala n'kumanena kuti "halo, halo" mpaka nkhunda za padenga zitathawa.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya mphindi zitatu: kuyatsa nyimbo ya fuko mpira usanayambe, ndi kuizimitsa ikatha. Mwina mukuti ntchito yotere ngakhale mbuzi ikhoza kuigwira. Mukutero chifukwa dzikolo simukulidziwa.

Nyimboyo inali ndi ndime ziwiri. Amene anaipeka, Mulungu awakhululukire, ankafuna kusangalatsa aliyense. Ndiye mu ndime yoyamba anathokoza chifukwa cha mapiri, nkhungu ndi akasupe, ndipo mu ndime yachiwiri anathokoza chifukwa cha chigwa, mtsinje waukulu ndi minda. Anthu a kumapiri anangoti ndime yoyambayo ndi yawo. Anthu a kuchigwa anafunsa kuti n'chifukwa chiyani iwo aikidwanso kumbuyo monga mwa masiku onse. Mzindawo unali pamalire, theka la anthu ochokera uku, theka ochokera uko, ndipo pabwalopo a kumapiri ankakhala kumanja, a kuchigwa kumanzere, ngakhale matimu osewerawo akhale ochokera kwina.

Kaseti ikangoyamba, mbali yonse ya kumanja inkaima njo, zipewa m'manja, kuimba mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Kumanzere anthu ali phee pamipando, wina akusenda lalanje, wina watambasula nyuzipepala yomwe sakuiwerenga n'komwe. Ndime yoyamba ikatha, kumanja onse pansi, kumanzere onse nyamu. Yachiwiri ikatha, a kumanzere n'kukhala. Apolisi anayesa kuopseza, abusa analalikira, nduna ina inabwera kudzakalipa. Anthu anamvetsera mwaulemu ndithu, kuwomba m'manja, Loweruka lotsatira n'kuchita zomwezo.

Zimenezi a Halohalo zinkawanyansa kwambiri. Iwo anabadwira kumapiri, koma anakwatira mkazi wa kuchigwa, ndiye mbali zonse ziwiri zinkawakayikira. A kumanja ankati madalawo amatsitsa mawu pa ndime yoyamba chifukwa mkazi anawapotoza mutu. A kumanzere ankati amadula mawu omaliza a ndime yachiwiri, poti wa kumapiri ndi wa kumapiri basi. Chaka china amuna anayi a ndevu zawo anakwera masitepe onse aja ndi wotchi, kudzayeza ndimezo. Anapeza kuti yoyamba ndi yaitali ndi masekondi anayi, ndipo analemba kalata ya masamba atatu.

"Masekondi anayi!" a Halohalo anauza akazi awo tsiku limenelo. "Denga la bwalo likudontha, zimbudzi zinatsekeka kalekale, koma anthu a zidzukulu akwera mpaka kwa ine kudzawerenga masekondi."

"Ine ndinakuuzani kale kuti yanuyo ndi yaitali," mayiwo anayankha, osasiya kusita.

Mayiwo anamwalira patapita zaka zingapo. Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka pogona chabe. Malo amene a Halohalo ankadzimva kuti ndi munthu anali kachipinda kaja, momwe waya aliyense ankamudziwa kumene wachokera ndi kumene akupita. Ankapitako ngakhale masiku opanda mpira, kukapukuta zinthu zopukuta kale.

Kenako makutu anayamba kutseka. Linayamba la kumanja, la kumanzere n'kutsatira. Poyamba anthu ankamveka ngati akulankhulira m'ndowa, kenako kunangoti zii. Kuchipatala anawaunika ndi katochi, n'kuwalembera papepala kuti palibe chochita. Pepalalo analing'amba asanafike pageti. Wazokuzira mawu wosamva, ndani angamusunge? Manijala wa bwalolo, bambo wachinyamata wa nsapato zosongoka, anali atayamba kale kunena zoti makaseti ndi zinthu zakale, ndi zoti kuli kampani ina ya makompyuta yomwe ikhoza kugwira ntchitoyo. Ankangodikira chifukwa, ndipo a Halohalo analumbira kuti chifukwacho sadzachipeza kwa iwo.

Zaka zinayi anabisa. Munthu akamalankhula atayang'anizana nawo, ankawerenga milomo. Akalankhulira kumbali, ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino bwana." Anazindikira kuti pantchito munthu akhoza kukhala zaka zambiri ndi mawu awiri amenewa, osasowa ena.

Amene ankadziwa chinsinsichi anali mmodzi yekha, mlamu wawo, mchimwene wa malemu aja. Ankagwira ntchito pabwalo lomwelo, yojambula mizere yoyera pakapinga ndi laimu, ndiye aliyense ankawatchula a Laimu. Anali a kuchigwa enieni, a mtundu uja woti ngakhale mvula ikachedwa amati a kumapiri aigwira. Koma msonkhano wa antchito wa Lolemba ukatha, a Laimu ankakokera mlamu wawo kuseri kwa sitolo ya zipangizo, kuima patsogolo pawo, n'kubwereza pang'onopang'ono zonse zimene manijala wanena. Ndipo m'mawa wa Loweruka a Halohalo akati "halo, halo," a Laimu ankakweza bulashi m'mwamba ali pakati pa bwalo, kusonyeza kuti masipika onse akulira.

Kuyatsa nyimbo kunali kosavuta, chifukwa woulutsa mawu, yemwe ankaima m'munsi ndi maikolofoni yakeyake, ankakupiza kampango koyera. Vuto linali kuzimitsa. Kamuvi ka pa ampulifaya kosonyeza kuti mawu akutuluka kanafa kalekale. Wotchi inali yosadalirika, chifukwa magetsi akachepa mphamvu kaseti inkayenda ngati yatopa, akabwera ambiri inkathamanga. Ndiye a Halohalo ankangoyang'ana pazenera. Kumanja akaima, ndime yoyamba yayamba. Akakhala, kumanzere n'kuima, ndiye yachiwiri. A kumanzere akangoyamba kupinda mawondo, chala pa batani, tha! Zaka zinayi sanaphonyepo ndi sekondi imodzi yomwe. Anthu ouma mitu aja, omwe ankawatukwana chamumtima Loweruka lililonse, ndiwo anali makutu awo, ndipo zimenezi zinkawapsetsanso mtima kuposa kale.

Kuzimitsa pa nthawi yake kunali kofunika pa chifukwa china chimene manijala sankachidziwa. Kasetiyo sinali ya ofesi. Ya ofesi inadyedwa ndi makina zaka makumi awiri ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo a Halohalo anajambula ina okha kunyumba. Anaika wailesi ziwiri patebulo moyang'anizana m'mawa wina, kulamula nyumba yonse kuti ikhale chete, n'kujambula nyimboyo pamene inkaulutsidwa. Itatha, anaiwala kuzimitsa chojambulira. Choncho kumapeto kwa nyimbo ya fuko, patangodutsa kamphindi, kunali mawu a akazi awo akuwakalipira. Mayiwo atamwalira, a Halohalo ankatseka chitseko cha kachipindako, kuzula waya wa masipika, n'kumamvetsera mbali imeneyo okha, mpaka pamene makutu anadzawakaniza. N'chifukwa chake manijala akabweretsa nyimboyo pa fulashi ya kompyuta, iwo ankati makina awo sagwirizana nayo.

Lolemba lina, msonkhano usanayambe, alamu awiriwa ankamwa tiyi kuseri kwa sitolo kuja. A Laimu, posowa nkhani, anaukitsa yakale ija.

"Mlongo wanga anapita asanabwezeredwe masekondi ake anayi," anatero.

"Alamu, malemu musawalowetse mu zopusa zanuzo," a Halohalo anayankha. "Inu a kuchigwa mumabadwa mukudandaula, mumafa mukudandaula. Atakupatsani masekondi khumi mungati bwanji sanakhale khumi ndi limodzi."

"Nanga inu? Mumayenda ngati dzikoli munalipeza m'thumba mwa agogo anu. Kugonthaku kwakuyenerani, alamu. Wa kumapiri chibadwire sanamverepo munthu."

Mawuwo a Halohalo anawawerenga bwinobwino pamilomo, chilembo ndi chilembo. Anaika kapu pansi, n'kutembenuka. A Laimu anadziwa nthawi yomweyo kuti pakamwa pawathamangira, koma munthu wosamva akakupatsa nkhongo ndiye kuti wakhoma chitseko, ungapepese mpaka mawa. Nawonso mtima unali m'mwamba, ndiye sanazungulire kuti akaime kutsogolo. Ananyamula ndowa yawo n'kumapita.

Pamsonkhano wa tsikulo manijala analankhula akuyendayenda, nkhope ili m'mapepala. A Halohalo anagwedeza mutu m'malo onse oyenera. Atatuluka, panalibe wowakokera kuseri kwa sitolo.

Zimene anaphonya zinali izi. Kunamwalira goloboyi wina wakalekale, yemwe anasewererapo matimu a mbali zonse ziwiri ndipo onse ankamukonda, chinthu chosowa m'dziko limenelo. Atsogoleri a masapota a kumanja ndi a kumanzere anakumana, n'kugwirizana kuti Loweruka limenelo, pomulemekeza, bwalo lonse lidzaima pa ndime zonse ziwiri. Nyimbo ikadzatha, aliyense adzakhalabe chiimire, chete, kwa mphindi imodzi. Wailesi inalengeza sabata yonse. Manyuzipepala analemba, koma a Halohalo anasiya kale kuwerenga nyuzipepala, ankati muli zomwezomwezo za mapiri ndi chigwa, ndipo ankangotsekera nazo mpata wa pazenera. Za imfa ya goloboyiyo anazidziwa poona nsalu zakuda pageti. Zinazo ayi.

Loweruka m'mawa anagogoda maikolofoni. "Halo, halo." Pakati pa bwalo a Laimu anakweza bulashi, osadzutsa mutu n'komwe, n'kupitiriza mzere wawo.

Pofika masana bwalo linali litadzaza mpaka m'makwerero. Osewera anandanda, aliyense kansalu kakuda pamkono. Kampango koyera kanakupizidwa. A Halohalo anadina batani, n'kuyang'ana kumanja. Anaima, monga mwa masiku onse. Anayang'ana kumanzere kuti aone osenda malalanje aja.

Nawonso anali chiimire. Onse, mpaka azimayi ogulitsa madzi.

"Aa-aa," a Halohalo analankhula okha. "Mwatani inu? Khalani pansi! Si yanu iyi!"

Palibe anakhala. Anayesa kuimba nyimboyo mumtima kuti aziitsatira, koma anali atayamba mochedwa, komanso zaka zinayi osaimva, sankadziwanso ngati ya mumtimayo ikuthamanga kapena ikutsalira. Anafika kumapeto kwa ndime yoyamba, kuyang'ana kumanja. Anthu ali njo. Mwina ndafulumira, anaganiza, n'kudikira. Ali njo. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukupemphani kuti muziima pamodzi," anatero, akumenya tebulo ndi chibakera. "Zaka makumi atatu! Mwasankha lero? Osanditsina khutu n'komwe?"

Chala chinali pa batani, koma sakanayerekeza. Akanati azimitse msanga, n'kupezeka kuti adula ndime ya a kuchigwa pakati, pa tsiku lokhalo limene a kumapiri aiimirira, kachipindako akanakaotcha iwo ali momwemo. Kuchedwa kunali bwino kusiyana ndi kufulumira. Munthu mmodzi yekha akhale pansi, mmodzi yekha, wotopa kapena wamwano, iwo adziwe. Dziko lodzaza ndi anthu amwano, koma tsiku limenelo sanapezeke ndi mmodzi yemwe.

Anaona mitu yonse ikuwerama. Anaganiza kuti mwina ndi mmene agwirizanirana kuimbira mzere womaliza. Anadikirabe.

Kenako mitu ija inayamba kudzuka, umodzi umodzi. Anthu ankayang'ana masipika a pamitengo, kuyang'anana okhaokha, kenako onse kutembenukira kuzenera lawo. Mapewa anayamba kugwedezeka, kumanja ndi kumanzere komwe. Wosewera wina anabisa nkhope mu jezi. M'mbali mwa bwalo, a Laimu anali atagwetsa ndowa, laimu atamwazika pakapinga, iwo ataima pakamwa yasa.

Pamenepo a Halohalo anadziwa. Mawuwo ankawadziwa pamtima. M'kati mwa mphindi yachete ya goloboyi, bwalo lonse linali kumva mayi wina wa kalankhulidwe ka kuchigwa akunena kuti:

"Yatha? Tipume tsopano? Ee, a Kumapiri inu, mwatitseka pakamwa m'nyumba mwathu momwe chifukwa cha nyimbo. Ndipo ndime yanuyo ndi yaitali, ndawerenga ine. Mudzatibwezera liti? Chotsani mawaya anu patebulopo, tiyi akuzizira. Taonani malayawo, mwamanga mabatani mophonya. Munthu wamkulu wa boma! Tabwerani kuno."

Dzanja linadutsa paphewa pawo n'kudina batani. Atatembenuka anapeza manijala, wefuwefu chifukwa cha masitepe, tayi ili kumsana. Milomo yake inkayenda mofulumira kwambiri, yosawerengeka. A Halohalo anachita zimene anazolowera.

"Chabwino bwana," anatero.

Manijala anasiya kulankhula. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayambiranso, pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira a Laimu.

"Madala, ndakuitanani kanayi ndili pakhomopa. Ndafunsa kuti, kodi simukumva?"

Panalibenso pothawira. A Halohalo anatulutsa kaseti m'makina, kuipukuta ndi malaya, n'kuiika m'thumba la pachifuwa. "Chaka chachinayi chino, bwana," anayankha.

Lolemba anakapereka makiyi. Manijala sanakalipe. Anawalembera papepala kuti akuthokoza chifukwa cha zaka zonsezo, ndipo anawaperekeza mpaka pageti, zomwe zinawawa kuposa kukalipa. Patebulo pake panali kale makalata awiri, ndipo anawaonetsa. A kumapiri ankafunsa kuti ndani analola mkazi wa kuchigwa kulankhula pa mwambo wa dziko. A kuchigwa ankafunsa kuti ndani anamudula asanamalize, pomwe ankanena zoona. Loweruka lotsatira kunabwera a kampani aja ndi kompyuta yawo, ndipo anthu anabwerera ku zawo zakale, kumanja kuima, kumanzere kusenda malalanje. Umodzi wa dziko lonse unatha mphindi zinayi, zongokwanira kuchotsa munthu mmodzi ntchito.

Patapita masiku angapo, m'mawa dzuwa litakwera, a Halohalo ali pabalaza anaona chithunzithunzi pakhomo. Anali a Laimu, nsapato zili mbuu, chipewa m'manja. Ayenera kuti anaodira nthawi yaitali asanakumbukire. Analowa, kukoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi mlamu wawo.

"Ndikanakuuzani," anatero. "Ndinalakwa, alamu."

"Munalakwadi. Nonsenu munalakwa, dziko lonse. Anthu osadziwa ngakhale kudana mokhulupirika."

A Laimu anapotokola chipewa chija. "Sindinkadziwa kuti mlongo wanga ali mmenemo. Zaka zonsezi, osandiuza?"

"Mukanati ndamujambula ndi masekondi ochepa." A Halohalo anasendera pafupi. "Anamveka bwanji? Sipika ya kumanzere ija imalira ngati chitini mawu akakwera."

"Anamveka bwino. Ngati waima pambali panga."

"Manijala anadulira pati?"

"Pa mabatani. Pamene amati tabwerani kuno."

A Halohalo anapukusa mutu mokwiya. "Munthu ameneyu ntchito saidziwa. Ndiye kuti simunamve chilichonse. Kutsogoloko mlongo wanu amaseka."

A Laimu anangoyang'ana thumba la pachifuwa lija.

Wailesi ya kaseti ya m'nyumbamo inali pa kabati, itafundidwa kansalu. A Halohalo anaitsitsa, kuiuzira fumbi, n'kuiika patebulo, tebulo lomwe lija. Anabweza tepi ndi bolopeni mpaka poyambira, poti kudumpha nyimbo ya fuko sanazolowere. Anadina batani, n'kukhala pansi, maso pa mlamu wawo.

A Laimu anapinda manja pachifuwa, kuyang'ana kudenga, ali phee pampando. Patapita kanthawi anadzuka, kuima njo pakati pa balaza, chipewa pamtima.

"Ngakhale m'nyumba mwanga?" a Halohalo anafunsa. "Ngakhale tili awiri?"

A Laimu anangowatambasulira dzanja kuti akhale chete, milomo ikuimba za mtsinje ndi minda. Atamaliza anakhala pansi. Chala cha a Halohalo chinanyamuka chokha kupita pa batani, ndipo anachita kuchibweza ndi dzanja linalo.

Anayang'anitsitsa nkhope ya mlamu wawo. Poyamba inali duu, ikudikira. Kenako nsidze zinakwera: ndiye kuti mayi afunsa ngati yatha. Mutu unagwedezeka kuvomereza: afika pa ndime yaitali. A Laimu anayang'ana patebulo pomwe panalibe waya aliyense, kenako malaya a mlamu wawo. Ndiyeno pakamwa panayamba kunjenjemera, masaya n'kukwera, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, misozi ikutsika mpaka m'ndevu. Anthu a m'banja limenelo ankaseka mofanana, diso limodzi litatsinzina.

"Apo," a Halohalo anatero, akuloza nkhopeyo ndi chala. "Apo ndiye akuseka."

A Laimu anavomera ndi mutu.

"Musapukute nkhope, alamu, mukunditchinga. Ikatha mundiuze, tibwezenso."